Mphunzitsi Wolankhula ndi Bolodi

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kulakwira munthu, cholembera chili m'manja, ndikudziona ngati katswiri pantchito. Amene anandigwira dzanja ndi mayi wogulitsa tomato pamsika wa Kabwata, ndipo lero ndikufuna kumuthokoza pamaso panu nonse.

Ena a inu mukudziwa kuti Lachitatu ndikaweruka kuofesi, ndiponso Loweruka masana, ndimaphunzitsa sukulu ya akuluakulu muholo ya kwathu kuno, sukulu ija anzathu amaitcha shibukeni. Malo ndi ochepa, ofuna kuphunzira ndi ambiri. Choncho akuluakulu athu anatiuza kuti amene watha miyezi itatu osasuntha timufute m'kaundula, alowe wina. Ine dzina lofuta ndinali nalo kale: amake Esinati.

Amake Esinati ndi mayi wachichewa wa ku Katete, imvi zayamba kale. Sanajombepo. Amafika oyamba, kusesa muholo, n'kukakhala pabenchi ya kumbuyo kwenikweni. Koma ndikawafunsa funso amatsika pabenchi, kugwada, maso pansi, zii. Ndibwereze, zii. Tsiku lina ndinawafunsa chilembo, iwo n'kuyankha kuti, "Zikomo aphunzitsi." Ndinaweruza ndekha kuti mutu wawo ndi wouma, ndipo sindibisa, ndinkapsa nawo mtima.

Tsono Loweruka lija, anthu akulowa, ndinatsegula kaundula. Ba Mutinta, mayi wa tomato uja, Mtonga amene amakhala benchi imodzi ndi amake Esinati, anali atamva kale za kufuta maina. Anabwera patebulo osaitanidwa.

"Ba ticha, amake Esinati musabafute."

"Miyezi itatu yatha, ba Mutinta. Ngakhale chilembo chimodzi sadziwa."

"Bazaziba bwanji? Sibamvela. Matu yanafa kudala, pamene banadwala. Bamamvela na maso, baona pakamwa. Manje imwe mukamba na bolodi, ise tiona chabe musana wanu. Mukabafunsa, bagwada, bayangana pansi. Pansi bazaonapo chani?"

Mayi uja anali wosamva makutu! Manyazi amene ndinamva, abale, sindinawamvepo chiyambire kugwira choko.

Taganizani. M'kalasi mwathu palibe amene anakhazikitsa lamulo la makhalidwe, koma aliyense amalidziwa: abambo kutsogolo, amayi kumbuyo, ndipo mayi wodzilemekeza kwambiri ndiye amasankha benchi yothera. Kumudzi anawalangiza amake Esinati kuti mwamuna wosakhala wako sumuyang'ana kumaso, ndipo wamkulu akakulankhula umagwada. Iwo ankachita zonsezi mosaphonya. Ulemu umene ankandipatsa ndi umene unkawatsekera phunziro, ine n'kumati ndi umbuli.

Ndinafunsa ba Mutinta chifukwa chake mayiwa sananene.

"Banayopa kuti muzabapisha pa sukulu," anatero. "Bafuna chabe kubelenga makalata ya mwana wao."

Esinati, mwana wawo mmodzi yekhayo, anakwatiwa ku Mufulira, ndipo amalemba makalata. Kalata ikafika, mayi amapita nayo kwa anansi kuti awawerengere. Koma wowerenga amaweramira papepala, milomo osaoneka. Mayi amangogwedeza mutu, kuthokoza, n'kukaisunga kalatayo m'chitini. Chimene mwana wawo akunena sachidziwa, kaya ali bwino, kaya akudandaula. Umenewu ndiwo ulendo umene unkawabweretsa kuholo, ndipo ine ndinati ndiudule ndi mzera umodzi wa inki. Akulu anati safunsa anadya phula. Miyezi itatu yonse sindinafunse.

Mankhwala ake anali odziwika: akhale kutsogolo, pamene angaone pakamwa panga. Koma benchi ya kutsogolo ili ndi mwini wake, ba Mulenga, Mbemba amene ndi tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Iwo amati amabwera kudzangoyang'anira ngati zinthu zikuyenda bwino. Woyang'anira wake wobwera ndi pensulo ndi kope, n'kumakopera zonse za pabolodi lilime lili panja! Tonse timadziwa, ndipo palibe amanena. Ndani wa inu angauze tcheyamani kuti asunthe? Ine ndinalimba mtima n'kuwafotokozera.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kuimirira.

"Shani ba ticha, ndiye vamene muyopa ivi? Ine matu yanga yali bwino, ningamvele olo nili pa khomo." Anatembenukira abambo anzawo. "Imwe, nyamulani benchi."

Amake Esinati anakana kukakhala pakati pa amuna, ndipo palibe amene anawakakamiza. Abambo anakokera mabenchi awo m'mbali, ya amayi inabwera patsogolo yonse, ba Mutinta ali pambali pa mnzawo. Ine ba Mutinta anandilamula, inde kundilamula, kuti ndizilemba kaye, kenako nditembenuke, ndiye ndilankhule. Zonsezi sizinathe mphindi zisanu, ndipo sipanafunike kalata yochokera kwa akuluakulu athu ku Longacres.

Ndikubwerera kunyumba ndinayamba kuwerenga ena amene tawataya m'njira yomweyo. Timanyadira kuti khomo la sukulu yathu ndi lotsegukira aliyense. Ndi lotseguka, inde, koma lili pamwamba pa masitepe asanu. A Sakala, osoka nsapato aja amene amayenda ndi ndodo ziwiri, anabwera kamodzi, anawanyamula ngati thumba la chimanga anthu akuonerera, ndipo sanabwerenso. Tinati alibe chidwi. Anansi athu opemphera Loweruka amaphonya theka la maphunziro, ife n'kumati ndi aulesi, chonsecho tsikulo tinasankha tokha osawafunsa. Nanga mayi wachilozi uja amene anafika mumzinda muno chaka chatha? Ndinkamuthira Chinyanja changa cha ku Chipata, miyambi ndi mikuluwiko, iye akungomwetulira. Anasowa patapita milungu iwiri, ndipo sindinamufunefune.

Palibe amene anathamangitsa anthu amenewa. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yovuta kuiona. Tikanakhala ankhanza bwenzi tikudziwa cholapa. Koma ndife anthu abwino, odzipereka, ophunzitsa popanda malipiro, amene tinakonza sukulu yoyenera munthu wofanana ndi ife: wa miyendo iwiri, wa makutu awiri, wolankhula chinenero chathu, wopemphera tsiku lathu. Wina aliyense akalephera, timati vuto ndi lake.

Pamisonkhano timaimba za umodzi mpaka mawu kusasa, ndipo ndi zabwino. Koma Loweruka lija umodzi ndinauona ndi maso. Mtonga analankhulira Mchewa, Mbemba anapereka mpando wake, ndipo mphunzitsi wa satifiketi ndiye anali womaliza kumvetsa. Zikomo ba Mutinta, chifukwa simunaope tebulo langa. Zikomo ba Mulenga, ndipo kope lanu sindinalione. A Sakala tawatumira uthenga kuti kalasi ya Lachitatu izichitikira m'chipinda cha pansi, kumbali kwa holo, kopanda sitepe ngakhale imodzi. Kaya adzatikhululukira, sindikudziwa.

Tsono inu amene mumaphunzitsa amayi kusoka ku Chelstone, inu a kalasi ya ubatizo m'dera la Roma, inu anamwino ophunzitsa za kadyedwe ka ana kusikelo, amene amakhala kumbuyo osayankha uja munayamba mwamufunsa chifukwa chake? Kapena mwamupatsa kale dzina, monga ndinachitira ine?

Lachitatu lapitali amake Esinati anakhala patsogolo, maso ali pakamwa panga. Poyamba zinandivuta, chifukwa nanenso sindinazolowere kuyang'anitsitsidwa ndi mayi wa msinkhu wa amayi anga. Ndinalemba "ma", ndinatembenuka, ndinatchula pang'onopang'ono. Iwo anatchula. Ndinalemba "mo", anatchula. Ola lisanathe anali atagwira zilembo zimene anazisowa miyezi itatu, ndipo ba Mutinta ankaomba m'manja ngati ali paukwati.

Poweruka anabwera patebulo kudzatsazika. Mwachizolowezi anagwada, maso pansi. Ine ndinapeza mpata wonena zimene zinkandilemera, ndinati, "Amayi, ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

Zii.

Ba Mutinta anawagwira paphewa. Amake Esinati anadzutsa mutu, akadali chogwada, n'kundiyang'ana kumaso kwenikweni.

"Nenaninso, aphunzitsi," anatero. "Sindinaone."

Ndinagwada nanenso kuti aone bwino, ndipo ndinabwereza.