Mwala umene Kenan anaukonza

Anzanga, Kenan ine ndinamudziwa ndili chagada, miyendo m'mwamba.

Chinali chaka chimene asilikali anabwera kuchokera kunkhondo. Kwathu ku Chikomeni kuli mwala waukulu woterera. Tikatha kukumba mtedza tinkapita kukatsetsereka, aliyense atakhalira khungwa la mtengo. Tsiku limenelo khungwa linandithawa, ndinagubuduka mpaka pamapazi a mnyamata wina amene ankadyetsa ng'ombe. Anali Kenanyo.

"Monile adumbu! Mwafika kale?"

"Musandiseke inu!"

"Vuto mutseka maso. Mwala sufuna munthu wamantha."

Wamantha ine? Ndinakwera pomwepo, ndinatsika maso ali tong'o. Ndinangomva mphepo ikuimba m'makutu, mitengo ikuthamangira kumbuyo... ndipo pansi paja iye akuomba m'manja.

Basi anzanga, mtima unapita.

Chilimwe chonse tinkakumana pamwalapo. Iye kutsogolo, ine kumbuyo nditamugwira malaya. Pamwamba tinkaona utsi wa midzi yakutali, tikumasankha pomanga nyumba yathu ngati dziko lonse n'lathu.

Koma kuseri kwa phiri limene pali mwalawo kunali potsetsereka pena, pa atsikana okhaokha. Posalala kuposa paja, pothera m'dziwe lozizira. Tinkasambako momasuka, ndipo mwamuna sankayenera kudziwa njira yake.

Chikondi chinandipusitsa. Ndinamutengerako.

"Kenan, ukauza munthu, ine ndi iwe kwatha."

"Ennie, ningakuchite zimenezo? Never!"

Mvula itatha, kunabwera mzungu wina kudzamanga rest house ya alendo osaka nyama. Kenan analembedwa ntchito yoswa miyala. Anayamba kuvala kabudula wa khaki, kuyenda monyada. Ine ndinkangosangalala, poti kwathu anali atatumizako kale ankhoswe.

Miyezi imeneyo kumunda kunatipanikiza, kuphiri sitinapiteko. Tinkangomva kugogoda chapatali.

Tsiku lina anabwera akumwetulira.

"Bwela uone. Malo ako aja tawakonza."

"Malo ati?"

"Bwana anali kufuna pabwino posambila alendo. Ninamuonetsa. Wakondwela maningi!"

Ndinamutsatira.

Anzanga... mitengo yobisa dziwe ija anaidula. M'mbali anasema masitepe. Mwala wonse anaugoba ndi tchizulo, mizere mizere, akuti madona angaterereke n'kuvulala. Kumtunda anamangako kakhumbi ka mipando.

Sindinakhulupirire. Ndinatola khungwa, ndinakwera, ndinakhalira, ndinadzikankha.

Silinasunthe.

Ndinadzikankhanso. Khungwa linangong'ambika. Ndinakhala pamenepo ngati mtolo wa nkhuni, misozi ili chuchuchu.

"Nanga ulila chani? Lomba sungagwe. Mizele iyi nagoba nekha, na manja anga!"

"A Kenan, munalumbila."

"Koma ni development, Ennie. Bwana akuti pa Sande masana na imwe mungabweleko."

Pa Sande masana! Pamalo pathu!

Anzanga a m'mudzi atamva, sanafunse kuti wawulula ndani. Ankandidziwa. Norah, mnzanga wa pamtima, anangonyamula mtsuko wake pachitsime n'kundidutsa ngati chitsa.

Ndinauza amalume kuti abweze mawu kwa ankhoswe. Anthu anati ndapenga, kukana mwamuna wa pantchito chifukwa cha mwala.

Mwina ndinapengadi. Ndinkamukonda, ndipo mpaka lero ndikamuona akudutsa mtima umagunda. Akanandinamiza mwina ndikanamukhululukira. Koma iye anabwera kudzanditenga akumwetulira, akudikira kuti ndimuthokoze, ndinene yewo.