Tepi ya Adadi

Anzanga, munthu ameneyu ndinakumana naye chifukwa cha wailesi yolasa m'makutu.

Adadi atamwalira anandisiyira wailesi yawo yaikulu, ya masipika awiri ofika m'chiuno, ndi tepi imodzi. Anaijambula ndili wamng'ono, iwo akugwira ntchito kutali. Ndi mphindi khumi zokha: akundifunsa za kusukulu, akutsokomola, akundiimbira kanyimbo kopanda mutu kongopeka okha. Pamwamba pake analembapo ndi bolopeni kuti, "Kwa mtima wanga."

Nditasamukira m'nyumba ya lendi, wailesi ija inasintha. Mawu ake anali akuthwa ngati munthu akukanda mbale ndi foloko. Adadi, munthu wa mawu a besi, ankamveka ngati akulankhulira m'chitini. Ndinkazimitsa tepi isanathe.

Mnzanga wa kuntchito anandipatsa nambala ya mmisiri wa mawailesi. Anabwera Loweruka masana pa njinga yamoto, sikuludiraiva ili m'thumba la shati. Sanaitulutse n'komwe. Anaima pakati pa balaza n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Mwamva, sisi?"

"Ndamva kuti mwawomba m'manja. Ntchito yake ndi yomweyo?"

Anaseka. "Wailesi yanu ilibe mlandu. Nyumbayi ndi imene ili maliseche. Pansi simenti, makoma mbee, windo lopanda katani. Mawu akumenya khoma n'kubwerera atakwiya."

Ndinafuna kupsa mtima, koma ndinapezeka ndikuseka nawo.

Anakankhira masipika kufupi ndi khoma kuti besi inenepe, n'kuwatembenuza pang'ono kuti asandiloze m'makutu. Anatsitsa tirebulo, batani la mawu opyapyala. Anapempha mabulangete awiri, lina anayala pansi, lina anakoleka pawindo. Timasipika tating'ono tapamwamba, timene timatulutsa mawu opyapyala aja, anatiphimba ndi kansalu kofewa.

"Ikani tepi ija timve."

Anzanga... adadi analowa m'nyumba. Mawu awo enieni, olemera, ofunda. Ndinalira mpaka mamina pamaso pa mlendo. Iye anangotuluka n'kumakagogoda tayala la njinga yake mpaka ndinamaliza.

Ndinagwera m'chikondi pamenepo.

Ndinamupatsa dzina loti Makutu. Tinakasankhira limodzi kapeti ndi makatani olemera, iye akusisita nsalu iliyonse ngati ikamuuza chinsinsi. "Sisi" uja anasanduka "bebi" mwezi usanathe. Lamlungu lililonse masana ankandikhazika pakati pa sofa n'kunena kuti, "Malo ako ndi amenewa, usasunthe, mawu onse akukumana pa iwe." Ine mutu wonse balala.

Kwawo kokha sankanditengerako.

"Ndi mawaya okhaokha, bebi, ungapunthwe."

Ndinavomera. Munthu amene anandibwezera adadi akanandinamiza bwanji?

Tsiku lina ndinatenga foni kuti ndijambule tepi ija ikulira, ndikhale nayo pawiri. Anandigwira dzanja.

"Ayi, foni ipha besi yonse. Ndipatse, ndili ndi makina kushopu. Ndikuikira pa fulashi mwaukhondo, mawa lomweli."

Ndinaikulunga m'kampango n'kumupatsa.

Mawa linafika, linapita. Sabata inatha, yachiwiri inatha. "Makina avuta pang'ono, bebi." Kenako foni yake inayamba kungoitana.

Ndinapita kushopu, ndinapeza kotseka. Atelala oyandikana nawo anandilozera nyumba yakuseri, osandiyang'ana kumaso.

Anatsegula chitseko ndi mayi wina, mwana kumsana, thovu la sopo m'manja.

"Tikuthandizeni?"

"Ndimafuna amisiri. Ali ndi tepi yanga."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ooh. Ndinu amene mumawalembera amuna a eni kuti 'mtima wanga'?"

Amuna a eni?

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapulasitiki, anandiponyera pamapazi. M'katimo munali tepi ija itaphwanyidwa pakati, kalamba kake kabulauni katasololedwa konse n'kuduliwaduliwa ndi sizasi.

"Ndinaipeza m'thumba la buluku ndikuchapa. Tengani nyimbo zanu zachikondi."

"Si nyimbo, mayi," ndinatero. "Analemba ndi bambo anga. Anamwalira. Mawu awo anatsala m'menemu mokha."

Mayi uja anakhala pansi pakhomo pomwepo, thovu likuuma m'manja.

"Mayo ine... sindinaimvere n'komwe." Kenako anafunsa motsitsa, "Koma inu ndi bambo a mwanayu, zilipo?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. "Sanandiuze kuti muliko."

Sanandinyoze. Anatola tizidutswa timene tinagwera panja n'kundiikira m'kapulasitiki, kamodzikamodzi. Tili choncho njinga ya Makutu inatulukira pakona. Atationa awirife, anaikhotetsa n'kubwerera komwe amachokera.

Madzulo ake ananditumizira meseji: "Sorry bebi, ndimafuna ndikuuze." Mpaka lero sindidziwa ngati ankanena za mkazi kapena za tepi.

Ndayenda nako kapulasitiki kaja kwa amisiri atatu. Onse amangotsegula, kuyang'ana, n'kundibwezera.

Mayi uja sindimuda, anzanga. Anaphonya tepi, koma nkhani sanaiphonye. Amene ndimalimbana naye ndi ine ndemwe. Foni inali m'manja, chala chili pa batani, ndipo ndinaibweza chifukwa mwamuna wanena kuti besi ithawa. Bwenzi lero ndili ndi adadi a m'chitini, koma ndili nawo. Chinthu chimene muli nacho chimodzi chokha musamachipereke kwa munthu amene simudziwa komwe amagona.

Wailesi ikulira bwino zedi masiku ano. Alendo amafunsa kuti anakukonzera ndani, ine ndimasintha nkhani.

Dzulo ndinakhala pa sofa n'kutseka maso, kuyesa kukumbukira mmene adadi ankandiitanira. Mawu amene anabwera m'mutu mwanga anali a Makutu.