Nyimbo Imene Ndinkasunga M'kamwa

Kasetiyo inali yakuda, yong'aluka pakona, ndipo pakapepala komata pamwamba panali mawu awiri a bolopeni yofiira: Ya amalume. Ndinalemba ndine. Ndinali ndi zaka khumi, mtsikana wa ku Dowa amene anali asanaonepo nyumba yosanja mpaka chaka chimenecho.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Warqa, mumzinda wa Dubai, ndipo panali patatha zaka zitatu ndisanawaone. Amalume, achimwene awo, ankayendetsa lole yonyamula katundu ku Al Qusais. Ndi iwo anandiitanitsa kuti ndidzacheze pa holide. Ankakhala ku Al Muraqqabat, pansanjika yachitatu, m'chipinda chogawa ndi matabwa, moti aneba akatsokomola unkamva ngati ali pabedi pako.

Ndisanathe sabata ziwiri, amalume anagwa kuntchito. Akuluakulu ankati sitiroko. Atatuluka m'chipatala, mbali yonse ya kumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, mawu atatheratu.

Abwana a amayi anawalola kuti azigona kwathu, koma m'mawa uliwonse ankathamangira basi. Pakhomo ankanena zomwezomwezo: "Uziwayang'ana. Ukaona zachilendo ugogode kwa aneba." Zachilendozo n'zotani, palibe anandiuza. Choncho ndinkakhala pansi, maso pachifuwa cha amalume, kudikira kuti chikwere, chitsike, chikwerenso. Makina oziziritsa mpweya ankalira tsiku lonse, madzi ake akudontha m'chidebe. Galasi la windo ukaligwira linkaotcha ngati chivundikiro cha poto. Lero ndili ndi mwana wanga, ndipo sindingamusiyire wodwala wotero ngakhale kwa ola limodzi. Koma amayi akanatani?

Tsiku lina masana ndinayatsa TV kuti m'chipindamo mukhale mawu a munthu. Panali filimu ya nkhondo yakalekale. Asilikali ovala majekete ofiira ankayenda pamzere kulunjika kumene kunali mizinga, osathamanga, osawerama. Patsogolo pawo panali oimba ng'oma zing'onozing'ono zolira mouma, ndi ena atatu oimba zitoliro zopingasa pakamwa. Kamvekedwe kake kanali kowonda, kakuthwa, kosangalala modabwitsa kwa anthu opita kukafa.

Kenaka ndinamva kukanda pansalu ya bedi. Zinali zala za amalume, za dzanja lakufa lija. Zinkadzuka ndi kugwa, china pambuyo pa chinzake, ngati zikutseka timabowo. Pakhosi pawo pankatuluka kaphokoso kotsatira nyimboyo. Mizinga italira nyimbo inatha, zalazo n'kugonanso.

Nditawauza amayi madzulo, anakhala pansi chikwama chikadali paphewa. Anati amalume ali mnyamata ankaimba chitoliro m'bandi ya pasukulu, ndipo bandiyo ikamadutsa anthu ankasiya malonda pamsika n'kuilondola. Anatinso dokotala anawauza kuti dzanja likangoyamba kugwedezeka lisasiyidwe, lizikumbutsidwa. Anandifunsa ngati nyimboyo ndikuikumbukira. Ndinaing'ung'uza. Anandigwira pachibwano n'kunena kuti, "Usaiiwale."

Dzina la filimuyo sitinkalidziwa, chifukwa zolemba zake zinali za Chiarabu. Ndinadikira masiku angapo pa tchanelo chomwecho koma sinabwerezedwe. Nthawi imeneyo mafoni athu anali ongoimbira basi. Ndiye kuti m'Dubai yense, kwa ife, nyimboyo inali m'kamwa mwanga mokha.

Mantha amene ndinakhala nawo sindinawamvenso mpaka tsiku limene ndinabereka. Ndinkaing'ung'uza podzuka, posamba, powamwetsa amalume phala. Aneba akatsegula nyimbo zawo za Chimwenye ndinkatseka makutu ndi zala kuti zisalowe n'kukankha yanga. Kutchalitchi ndinkangoyendetsa milomo. M'mawa wina ndinadzuka chigawo chapakati chitasowa. Chiyambi chinalipo, mathero analipo, pakati panali dzenje. Ndinadzitsekera m'bafa n'kulira mwakachetechete. Chinabwerera chokha ndikutsuka kapu, koma kuyambira pamenepo ndinkakayika ngati chinali chomwecho kapena ndinangopeka.

Lachisanu ndilo linali tsiku lopuma la amayi. Tinkasiya amalume m'manja mwa aneba n'kuyenda m'timisewu ta ku Deira, thukuta likuyenderera kumsana, kulowa shopu iliyonse ya makaseti. Zinali zopanikiza, makaseti mpaka kudenga, fungo la lubani lili phaa. Amayi ankafotokoza m'Chingelezi chawo, kenaka n'kundikankhira kutsogolo. "Imba." Ndinkaimba pamaso pa abambo osawadziwa. Wina anaseka n'kuitana mnzake kuti adzamve. Wina anatiunjikira mafilimu a ndege zankhondo, titakana anati khalas, kutanthauza kuti zatha, n'kutembenukira kasitomala wina. Mkulu wina wa ndevu zoyera anamvetsera atatsinzina, anandibwerezetsa katatu, kenaka anapukusa mutu n'kundipatsa switi.

Masiku anga okhala m'dzikomo ankatha, ndipo a amalume nawonso, popeza munthu wosagwira ntchito sakhalitsa kumeneko. Ndinamva amayi akuuza achibale pafoni kuti dokotala akangolola kukwera ndege, amalume abwerera kumudzi basi. Ine ndinamva zina: kuti ndikachedwa, amalume apita kumudzi ndi dzanja lakufa chifukwa cha ine.

Amene anatipulumutsa anali aphunzitsi, bambo wa ku Chipata amene tinkapemphera naye, wophunzitsa ana aang'ono pasukulu ina mumzindamo. Anandipeza pamasitepe titaweruka mapemphero, ndikung'ung'uza monga mwa masiku onse. Anaima. "Iwe mwana, waitenga kuti nyimbo iyo?" Anati si ya filimu ayi, ndi nyimbo yakale ya asilikali poguba, ndipo kwawonso mabandi a sukulu ankaiimba. Mnzawo wophunzitsa nyimbo anali ndi zambiri zoterozo.

Lachisanu lotsatira anabwera nayo kaseti, atanyamulanso wailesi yawo. Anati ndiyambe ndamva ine, m'khonde, tisanalowe. Nyimbo yoyamba sinali iyo. Yachiwiri ayi. Yachitatu itangoyamba, ndinaizindikira, n'kupepukidwa ngati ndatula ndowa yodzaza imene ndinasenza mtunda wautali. Chigawo chapakati chija ndinali nditachipotoza malo awiri. Sindinauze munthu.

Amayi anawakhazika amalume tsonga ndi mapilo, anawapukuta kumaso, anawapesa. Anaika wailesi pampando pafupi ndi bedi. "Achimwene, mwana wakupezerani nyimbo yanu."

Ng'oma zinayamba, chitoliro n'kulowa pamwamba pake. Tonse atatu maso athu anali padzanja lamanja. Chala chimodzi chinagwedezeka. Chachiwiri chinadzuka pang'ono. Amayi anandifinya phewa mpaka kuwawa. Koma nyimbo inkathamanga, zala zinkatsalira, zinayesa kuipeza, zinatsaliranso, kenaka zinangoti zii. Amalume ankaziyang'ana nawonso, mutu utapendekeka.

Anatambasula dzanja lamanzere. Linagunda kapu, madzi n'kutayikira pansi, linapapasa pawailesi mpaka linapeza batani. Nyimbo inaduka pakati. Anatembenuzira nkhope kumatabwa, mapewa awo akugwedezeka.

"Tuluka kaye," anatero amayi osandiyang'ana.

Ine ndi aphunzitsi tinaima m'khonde nthawi yaitali. Anandisisita pamutu.

Patatha sabata zitatu tinakwera ndege imodzi, amalume ali panjinga ya olumala, ine nditawanyamulira chikwama. Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi ku Dowa. Mawu angapo anabwerera, dzanja silinabwerere. Za nyimboyo sitinakambepo.

Zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti ndinalakwitsa, kuti penapake pakati pa TV ndi masitepe a tchalitchi nyimbo yeniyeni inanditayika, ine n'kuwabweretsera ina yofanana nayo. Ndikawapatsa moni ndinkayang'ana pansi. Sindikanatha kumvetsa kuti inali yomweyo, yosaphonya n'pang'ono pomwe, ndipo n'chifukwa chake anaizimitsa. Tsiku la filimu inawapeza modzidzimutsa, zala zinaiwala kuti zikudwala. Tsiku la kasetili anaimva ali tcheru, atapesedwa, anthu atatu akudikira chozizwitsa padzanja lawo, ndipo m'chipinda chonsecho munthu yekhayo amene ankadziwa pamene chala chilichonse chinayenera kugwera anali mwini wake wa zalazo.