Ulusi Wofiira pa Galasi la a Mbewe

Ntchito yogulitsa zipangizo za njinga zamoto ndinaipeza pakhomo la tchalitchi. Ku Nairobi ndinabwera potsatira mkazi wanga Esinala, amene anali namwino, ndipo atamwalira ndinatha chaka chathunthu ndikungosesa nyumba yosesa kale. Lamulungu lina titaweruka, Mama Njeri, mayi wa konkuno amene timapemphera limodzi, anati pa duka lawo ku Donholm akufuna munthu wosapupuluma. "Ndikuyesani miyezi itatu, mzee," anatero.

Kwathu ndinali mphunzitsi, ndipo sipanala yomwe ndinkaidziwa inali ya njinga yakapalasa. Komabe ntchitoyo inandichititsa chidwi, makamaka magalasi otchinga mphepo. Timawatcha magalasi, koma ndi a pulasitiki. Ndinaphunzira kumanga mabulaketi awiri pa handulo, kuika timarabala, kenako mabawuti anayi ndi sipanala ya teni, osalimbitsa kwambiri chifukwa pulasitiki imang'aluka.

Mu Julaye, kukuzizira, kunabwera a Mbewe, Mmalawi mnzanga wokhala ku Athi River koma wogwira ntchito ku Lang'ata. "Achimwene, mphepo ya pa Mombasa Road ikundilowa m'mafupa," anatero. "Ya ku Dedza ija ndi masewera." Mama Njeri anali atachoka. Ine ndinaganiza ngati womanga mpanda: ukatalika, umatchinga bwino. Ndinawamangira galasi lalitali kuposa onse, lofika pamphumi.

Loweruka m'mawa a Mbewe anabweranso akutsimphina, thalauza itang'ambika pabondo.

"Pachifuwa mpofunda, zikomo," anatero. "Koma mutuwu ukuchita ngati wina akundiwomba mbama uku ndi uku. Kukachita kamvula kowaza, galasi limachita chifunga. Dzulo ndinagwera m'mbali pozemba lole."

Mama Njeri sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Munawakhazika panjinga musanasankhe?" Ndinati ayi. "Mukonze lero. Lolemba abwereranso pamsewu womwewo."

Manyazi ndinali nawo, ndi mantha oti ndikanaphetsa bambo wa ana atatu. Koma funso linandivutanso: mphepo imammenya bwanji munthu amene wabisala kuseri kwa chotchinga? Ndinafuna kuiona, koma mphepo sioneka.

Ndinapita kunyumba, pafupi pomwepo, n'kutsegula sutikesi yomwe sindinaikhudze chichitikire maliro. Munali juzi yofiira imene Esinala ankandilukira, yopanda mkono umodzi, ndi mpukutu wa ulusi wotsala. Ndinaugwira kwa kanthawi, kenako ndinauika m'thumba.

Ndinadula timaulusi totalika ngati chala, n'kutimata ndi tepi m'mphepete mwa galasi, kuseri kwake, pa helimeti ndi pamapewa a a Mbewe.

"Mukundikongoletsa ngati galimoto ya ukwati?" anafunsa.

"Tiyeni, akwati, ine ndikhala kumbuyo."

Tinalowa mu Outer Ring Road ine ndikusuzumira paphewa pawo. Liwiro litakwera, timaulusi ta pamapewa tinagona bwinobwino. Ta pa helimeti tinkazungulira ngati tapenga. Chimene chinandidabwitsa ndi ta kuseri kwa galasi: tinaloza kutsogolo, komwe tinkapita! Mphepo inkadumpha pamwamba pa galasi, n'kupindikira pansi pamutu penipeni, ina n'kubwerera kudzadzaza malo amene galasilo linasiya opanda mpweya.

Titabwerera, ndinawakhazika a Mbewe panjinga monga amakhalira poyendetsa, n'kulemba mzere pagalasi molingana ndi nsonga ya mphuno yawo, kuti maso aziona pamwamba pake. Ndinamata tepi ya pepala mbali zonse ziwiri kuti pulasitiki isathetheke. Ndinapemphera mwachidule, chifukwa ukadula sungabwezere, kenako ndinacheka pang'onopang'ono ndi sowo ya mano ang'onoang'ono, n'kusalaza ndi sandipepala. Mama Njeri anawonjezera chimene ndinali ndisanachiganize. "Likwezeni kunsiko, pasiyike mpata wa zala ziwiri. Kamphepo kazilowa, kuseriko kusakhale njala ya mpweya."

Tinayesanso. Timaulusi ta pa helimeti tinagona tonse chakumbuyo, phee. A Mbewe anakuwa kuti, "Wa mbama uja watsika!" Anadandaula kuti pamphumi pakuzizirako, ine n'kuwauza kuti zimenezo n'za sikafu.

Miyezi itatu inatha osatchulidwanso, ndipo ndikadali pa duka lomwelo. Munthu akafuna galasi, sindiyamba ndi kumuonetsa katundu. Ndimamukhazika panjinga yake, ndimafunsa msewu umene amayenda ndi nthawi yake, kenako ndimatulutsa ulusi. Anzathu a boda boda, akabaza a njinga zamoto, amanditcha mzee wa uzi, kutanthauza mdala wa ulusi.

Mpukutu uja watsala pang'ono kutha. Juzi ndinaitulutsa m'sutikesi, ndipo kukazizira ndimaivala mkati mwa ovolosi, momwe palibe amene amaona kuti mkono ndi umodzi.