Nkhope Yanga pa Tenti ya Fodya

Dona uja ankati ndi wojambula. Ee, wojambula! Ine ndaona nkhuku zikupalasa pa dothi lonyowa, zinkasiya zooneka bwino kuposa iye.

Zinali zaka za Chitaganya, ine ndili mtengwa watsopano kumudzi kwa amuna anga ku Kasenengwa, mwana mmodzi kumsana, miyendo yopepuka, nyimbo pakamwa. Amuna anga ankagwira ntchito m'mabani oumitsira fodya pa famu ya mzungu, ine ndinkapita kunyumba ya mzunguyo kawiri pa sabata kukachapa. Mkazi wake ndiye donayo: wamtali, wouma ngati phesi, chipewa ngati lichero. Analibe mwana, analibe khasu, analibe mtondo. Chimene anali nacho ndi kabokosi kachitsulo, m'kati mwake timibulu ta utoto tondandalika ngati maswiti a m'sitolo ya Mmwenye, tofiira, tachikasu, tobiriwira. Kunyika kaburashi m'kapu ya madzi, kukhudza kambulu, kupaka pa pepala. Kunyika, kukhudza, kupaka. Dzuwa mpaka kulowa. Munthu wamkulu ndithu, wokwatiwa!

Tsiku lina ndikuyanika zovala, anandikodola ndi chala. "Iwe, bwera. Khala apa. Seka."

Ankafuna nkhope yanga. Osati pa pepala ayi, mapepala anati achepa. Ankafuna chithunzi chachikulu chokapachika pa chionetsero cha zaulimi ku Boma, kumene inu mukuti Chipata, ife tinkati Foti Jemisoni. Anamva kuti akatswiri a kwawo amajambula pa nsalu yolimba, ndiye anadulitsa chidutswa cha tenti yofunditsira mabelo a fodya pa lole, n'kuchikhomera pa timatabwa tinayi.

Akhukhi a panyumbapo, bambo wachikulire wa ku Tamanda amene ankatola Chingerezi chogwa patebulo, anandiitanira kukhitchini. "Mayi, muli m'madzi. Pansi pa chithunzicho akalembapo kuti anthu akuda akusangalala ndi Chitaganya."

Mayo ine! Masiku amenewo munthu wosekerera Chitaganya sankapatsidwa moni, sankapala moto pa nyumba ya mnzake. Atcheyamani a chipani, telala wa pamphambano, anali atanena kale pamsonkhano kuti wogulitsa dziko alibe malo m'mudzi. Ine wobwera, ine wopanda amalume pafupi, akati nyamula dengu lako uzipita, akanandiyankhulira ndani? Kukana nakonso, ntchito ya amuna anga ikanatha tsiku lomwelo. Ndinawafotokozera amunawo. Anakanda kumutu, anakanda, kenako amvekere, "Muzikhala, koma musamaseke kwambiri."

Nzeru za amuna zimenezo!

Ndinakhala. Pa mpando, pakhonde, dzuwa kumaso, mwana pamiyendo. Koma tamverani zimene Mulungu anandichitira. Tenti ija inali yopakidwa phula kuti mvula isalowe. Dona akapaka utoto wake wamadziwo, utoto unkangoima timadontho, kuyang'ana uku, kuyang'ana uku, kenako ulendo wotsika mpaka pa nsapato zake. Apake wofiira, watsika. Apake wakuda, watsika. Tenti yopangidwira kukana mvula ya Januwale, iye ankati imvere kaburashi ka ubweya wa mphaka! Masiku atatu anapaka, masiku atatu anapukuta nsapato, nkhope yake psuu ngati phwetekere. Ine pamaso phee, mumtima ndikuvina: tsika utoto, tsika, tsika mwana wa mayi, tsika.

Ndikanangotseka pakamwa, nkhani ikanathera pomwepo, ine wopulumuka. Koma ndili ndi matenda amodzi, ndipo ndidzapita nawo kumanda: sindipirira kuona ntchito ikugwiridwa mopusa. Ine kuzira nyumba ndinaphunzira ndisanathe msinkhu. Makoma a kwathu ndinkazira ndine, dothi loyera pamwamba, lofiira m'munsi, lakuda m'mphepete, moti a njinga opita ku Mwami ankatsika kuti aone bwino. Tsono kuona munthu akuthira mtundu pamalo posakonza, tsiku ndi tsiku, manja anga ankayabwa, ankayabwa ngati ndagwira chitedze. Tsiku lachinayi pakamwa panatseguka pokha.

"Dona, khoma sitilemba tisanazire."

"Chiyani?"

"Nsaluyi ili ndi mafuta. Siimwa."

Anandiyang'ana ngati mbuzi yapereka moni. Anayang'ana tenti, anayang'ana nsapato, kenako anandikankhira chinthucho.

Ndinaikwecha ndi phulusa ndi mchenga mpaka phula lonse linachoka. Ndinakatapa dothi loyera kudambo, n'kulisefa pa kansalu, n'kulisakaniza ndi phala lamadzimadzi kuti ligwire. Ndinazira ndi chikhatho, mozungulizazunguliza monga ndimachitira, n'kuumitsa pamthunzi, n'kuziranso, n'kukulungiza ndi mwala wanga wa kumtsinje. Inatuluka mbee, yosalala ngati dzira. Ndinaima patali, manja m'chiuno, kuisirira. Apo m'pamene mutu unabwerera m'malo mwake. Ine chitsiru, ine chitsiru cha amayi anga, ndazira ndekha khoma lopachikapo manyazi anga!

Utoto unagwira. Unagwira ngati wabadwira pomwepo. Zikomo sanamveke, ndipo akhukhi anandiuza kuti kwa alendo ake donayo ankati njira imeneyi waitulukira yekha. Masabata awiri ndinakhala pa mpando uja, iye kuseri kwa tenti, lilime panja, osandilola n'kusuzumira komwe. "Seka!" Ine n'kumaseka kuseka kwa munthu wopita kukazulitsa dzino.

Mbiri inafika kumudzi. Kuchitsime akazi anayamba kutunga chamsangamsanga ndikafika. Apongozi anga, amayi awo a amuna anga, sankataya mawu. Anangoti, "Amake mwana, tsiku la chionetsero tipitira limodzi. Atcheyamani akubweranso. Tikaone ndi maso."

Tinapita. Panjira sindinaimbe, ine amene ndimaimba ndi posenza nkhuni pomwe. Chithunzicho anachipachika m'chisakasa cha madona, pakati pa makeke ndi maluwa, ife akuda n'kumadutsa kuseri kwa chingwe. Mawu aja analipodi pansi pake, atcheyamani anawawerenga mokweza kuti tonse timve. Ine maso pansi. Apongozi anandigwira pachigongono. "Tadzutsani mutu."

Ndinadzutsa. Abale anga, ndinadzutsa!

Pa tentipo panali chimayi chankhope yozungulira ngati kunsi kwa mphika, mphuno yongoyerekeza, mano kuchokera khutu ili mpaka khutu ilo. Pamutu mtsuko, ine sindinasenzepo mtsuko pakhonde paja. Pachifuwa pamtunda, mikanda yokhayokha, ine wa diresi lamabatani mpaka m'khosi, ine wopemphera korona! Mwana wanga anasanduka chikho chokhala ndi maso. Kumbuyo kwake phiri lamtundu wa buluu wochapira, ndi nyamalikiti itasuzumira. Nyamalikiti ku Kasenengwa! Mphini zanga za m'masaya, palibe. Mpata wa pakati pa mano anga, umene amuna anga anandikwatirira, palibe. Masabata awiri munthu kundiyang'ana m'maso, osandiona ngakhale tsiku limodzi.

Atcheyamani anavala magalasi awo osokera. Anayang'ana tenti, anayang'ana ine, anayang'ananso tenti.

"Mayi, ndinu amenewa?"

Ndisanatsegule pakamwa apongozi anali atayankha kale. "Atcheyamani, singano yakutherani maso? Mtengwa wanga mphini zake zili pati apa? Munamuonapo akuyenda chifuwa pamtunda? Ameneyu ife sitimudziwa. Kapena ndi wa kwawo kwa dona."

Anthu a kuchingwe anaphulika. Mayi wina amvekere, "Nanga mwanayo akudwala chiyani?" Wina, "Musiyeni, waopa nyamalikiti!" Atcheyamani analimbana nako kuseka, ndevu zikunjenjemera, kenako anavula magalasi n'kuwapinda.

"Ngati osangalala ndi Chitaganya ndi awa," anatero, "asiyeni asangalale. Munthu wotere kulibe."

Anatembenuka, ulendo kukaona ng'ombe.

Dona anamva phokoso, anabwera ndi chipewa chake, akumwetulira, poganiza kuti tikuyamikira. Anandiloza ndi chala. Ayi, ndanama, analoza mayi wina amene anaima pambali panga, wamfupi, wa ku Mwami, n'kumufunsa, "Wadziona?" Mayiyo anangoti kukamwa yasa. Ine ndinabisa nkhope kumsana kwa apongozi, misozi ya chiseko ili mbwembwembwe.

Tisanachoke, apongozi anawerama pa chingwe, n'kuyang'anitsitsa m'mphepete mwa tenti, m'mene utoto sunafike. Anayang'ana nthawi yaitali. Titatuluka m'Boma, nyumba zamalata zitatsala kumbuyo, anandiitana.

"Amake mwana."

"Wee, amayi."

"Nkhope ija si yanu. Koma kaziridwe kaja ndakadziwa. Chikhatho chozungulira chamanzere, m'mudzi monse n'chimodzi."

Ndinagwada pamsewu pomwepo, mwana ali kumsana.

"Dzukani, mudetsa diresi. Atcheyamani ndi mwamuna, sanazirepo nyumba, ndipo ine sindinafunsidwe za dothi." Anayenda pang'ono, n'kucheuka. "Koma phala munachulutsa. Pakona paja payamba kung'aluka."