Poizoni Amene Palibe Anathira

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa cha benchi limene ndinagonapo. Moto wa panja unali utatsala makala okhaokha, ndipo amuna amene anachezera nafe ankasinza atadzikulunga m'majekete. M'nyumba amayi a kumpingo ankayimbabe, koma mawu anali atasasa. Unali mwezi wa Juni, ndipo mphepo ya ku Kawale siyang'ana kuti pano pali maliro.

Tsiku limenelo tinkaika achimwene anga aakulu. Anadwala shuga kwa zaka zambiri. Maso anayamba kuchita chidima, mapazi dzanzi, kenako impso zinaleka kugwira ntchito. Dokotala anatiuza kuti poizoni wadzaza m'magazi. Azakhali athu anatola liwu limodzi lokhalo, poizoni, n'kubwera nalo kunyumba. Pofika m'mawa umenewo linali litazungulira mafuwa onse, ndipo aliyense ankadziwa amene ankaphikira malemu. Alamu anga, mkazi wa achimwene, anakhala kumutu kwa bokosi, mphasa yonse okha. Ngakhale amayi anga anawafulatira.

Kutacha anthu anayamba kufika. Anabwera anzawo a ku Mchesi amene ankawotcherera nawo zitseko, aneba athu achisilamu atavala mikanjo, ndi abale a alamu ochokera ku Chinsapo, nkhope zili ndwii. Kuseri utsi wa nkhuni zaziwisi unkaliza ophika. Ndikudutsa ndinamva mayi wina wowaza kabichi akunena kuti mkazi ameneyo asaponde kumanda. Ndinapsa mtima, komanso ndinachita mantha, chifukwa mphekesera ya pamaliro siikidwa pamodzi ndi bokosi.

Ine ndimaphunzitsa ophunzira a zaumoyo mmene thupi limagwirira ntchito. Kwathu zimenezo amangoti ndi chizungu changa. Koma itakwana nthawi yoti akubanja afotokoze za matenda, ndinapempha malume kuti ndiyankhule ndine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ufupikitse," anatero. "Adzukulu akudikira."

Ndinaima pafupi ndi bokosi. Ndinati dokotala sananame, poizoni analipodi, koma tonse amene takhala pano tili naye. Thupi likamaphwanya shuga kuti tipeze mphamvu, pamatsala kanthu koipa kamene kamamatirira m'mitsempha ndi m'ziwalo n'kumaziwononga. Kuti tisafe nako, m'maselo athu muli antchito awiri osaoneka ndi maso, otchedwa gilayokisalesi. Woyamba ndi wa mbali ziwiri zofanana zogwirana, ndipo pamene zakumanirana pali kachitsulo ka zinki kamene amagwirira ntchito. Poizoni amafika kwa iye atamangidwa kale pa chonyamulira, iye n'kumutembenuza. Wachiwiri amamasula mtolowo, poizoni n'kusanduka chinthu chosavulaza, chonyamulira chija n'kubwerera kukatenga wina. Zimachitika usana ndi usiku, ife osadziwa. Koma shuga akachuluka chaka ndi chaka, zinyalala zimagwa zambiri kuposa zimene awiriwo angasese.

"Palibe anathira kanthu m'mbale ya achimwene," ndinatero. "Amene ankawabaya chala kuwayeza m'mawa uliwonse, amene ankakangana nawo akafuna shuga mu tiyi, ndi awa tawasiya okhawa."

Mawu anandithera pamenepo. Azakhali anaweramira pansi n'kumakonza chitenje chimene chinali bwinobwino. Abusa anayambitsa nyimbo, ndipo tinanyamuka.

Lole yonyamula bokosi inkayenda pang'onopang'ono, fumbi likutilowa m'kamwa. Akabaza ankatsika panjinga zawo n'kuvula zipewa, ogulitsa tomato ankaimirira. Kumanda, ataitana mkazi wa malemu kuti aike nkhata, palibe anawaletsa. Koma owagwira mkono anali achemwali awo okha, kumbali kwathu kunalibe anasuntha. Sindinadziwe ngati mawu anga analowa kapena anangopita ndi mphepo. Dothi litayamba kugunda pabokosi m'pamene ndinakumbuka kuti amene ali m'katimo ndi munthu amene ankandikweza panjinga popita kusukulu, n'kumandiseka kuti mutu wanga ukulemera kuposa thupi. Ndinalira ngati mwana.

Madzulo mabenchi anabwerera kutchalitchi, tenti inachotsedwa. Pabwalo panatsala phulusa ndi mapazi a anthu. M'nyumba munali chete moti ngakhale ana ankayankhula monong'ona. Abale a alamu anaima pakhomo, nati ndi bwino apite naye mwana wawo ku Chinsapo zinthu zisanaipe. Alamu anatuluka kuchipinda ndi chikwama, maso ali pansi.

Amayi anga anali pamphasa atatsamira khoma. Chimwalirireni mwana wawo anali asanalawe kanthu, aliyense wobwera ndi mbale ankamubweza. Anadzutsa mutu.

"Amake Tadala, mukupita kuti?" anafunsa. "Ine njala yandipweteka. Kandiphikireni phala."

Alamu anaika chikwama pansi n'kulowera kukhitchini. Tinkawamva akukupiza mbaula uku akusisima. Phala litabwera, amayi analandira ndi manja awiri, ndipo anamwa lonse.