Masatifiketi Anga a Njanji Anathera mu Chingambwe

Ku Kaluluma kulibe njanji, ndipo sitima ndinaionapo kawiri kokha. Komabe zaka zonse zomwe ndinkaphunzitsa kumeneko ndinkatolera masatifiketi a masheya a makampani a njanji omwe anafa kalekale. Yoyamba ndinailanditsa kwa bambo wina wachisilamu wa golosale, akufuna kukulungiramo sopo. Ena ndinkachita kupempha kwa ana a anthu omwe anagwirapo ntchito m'nyumba za azungu. Mapepalawo sakanandigulira ngakhale mchere. Ndinkangowakonda basi: pepala lochindikala, maluwa m'mphepete, chidindo chofiira, pakati mutu wa sitima ukufuka utsi.

Mvula ikamayandikira ndinkawayanika pamphasa kuti njenjete zithawe. Chaka china makuponi a feteleza anachepa, mabanja awiri kugawana thumba limodzi. Mlamu wanga, mwamuna wa mchemwali wanga, dzina lake silinatuluke n'komwe pamndandanda wa olandira. Anadutsa pakhomo n'kuona mapepala a zidindo ali mbwee pamphasa, basi mumtima mwake akuti mphunzitsi wabisa makuponi. Chabwino, sukulu anailekeza panjira, koma pakamwa anali napo, akanafunsa! Ine ndili kudambo kuthirira nazale ya fodya, iye ananamiza mkazi wanga kuti ndamutuma, n'kuwatenga onse.

Anakaima pamzere kudepoti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wogulitsa feteleza atawaona anaseka mpaka misozi, n'kuwakweza m'mwamba kuti anthu onse aone. Mlamu, manyazi atamugwira, anawamwaza pansi n'kuchokapo. Tsono mlimi wa fodya pepala salisiya. Amuna anawalimbirana, kuwang'amba timizeretimizere, kupichira chingambwe.

Nditamva ndinapalasa njinga ngati wamisala kupita kudepotiko. Ndinapeza mdala wina ali pansi pa mtengo, chidutswa chili pakamwa, mawilo a sitima akuoneka pamene moto sunafike.

"Aphunzitsi, pepala lanuli n'lolimba kwambiri," anatero. "Silikuyaka bwino."

Palibe satifiketi ngakhale imodzi yomwe ndinaipeza yathunthu.

M'mawa mwake mchemwali wanga anabwera n'kugwada pakhonde. Ndinkati wabwera kudzapepesa.

"Achimwene, alamu anu asekedwa pagulu chifukwa cha mapepala anu. Mukawapepese."

"Ine? Waba ndani?"

"Nanga munthu angayanike zinthu zonga makuponi pamaso pa anthu opanda feteleza? Ana anga adya chiyani chaka chino, sitima?"

Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinakwiya koposa. Masana ndinamasula thumba langa la feteleza n'kumupungulirako mchemwaliyo ndowa, poti ana aja malume wawo ndine. Koma kupepesa ndinakana. Mpaka lero mlamu akandipatsa moni, ngakhale pamaliro, ndimayang'ana kumbali.